Galimoto yakale ya 4x4 ikumazima yokha kapena kutha mphamvu panjira: mafunso ndi mayankho kwa abale a kuno ku Joni

Mafunso awa ndi omwe anthu akwathu amandifunsa pafupifupi sabata iliyonse, ena pa WhatsApp pakati pausiku ali m'mbali mwa msewu, ena amachita kuikoka galimotoyo mpaka pa yadi pomwe ndimagwirira ntchito cha ku Booysens, nde ndati ndingowalemba pamodzi ndisamangobwereza zomwezomwezo. Ine yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndinayambira ku Ndirande ndikupatsira mkulu wina masipanala. Magalimoto ndikunena pano ndi awa timagula ife tikasonkhanitsa kangachepe, Hilux ya KZ-TE, Hardbody, Isuzu KB 280, Pajero ya 2.8, Land Cruiser 80, pena Defender kapena Discovery ya Td5 kwa olimba mtima. Ndi magalimoto olimba zedi koma ali ndi zaka 20, ena 30, mawaya ake anadutsa m'manja mwa anthu ambiri ndipo aliyense anasiyamo kake.

Akulu, galimoto yanga imayenda bwinobwino kenako imangozima, ndikadikira pang'ono imalira ngati palibe chachitika. Ndiyambire pati?

Osayambira ku shopu ya masipeya, ndapota nanu. Yambani ndi kuona kafedwe kake. Ikazima kamodzinkamodzi ngati munthu watembenuza kiyi, popanda kutsokomola olo pang'ono, kawirikawiri amenewo ndi magetsi. Koma ikayamba kaye ulesi, mukuponda koma siikupita, ikutsamwatsamwa kenako nkufa pang'onopang'ono, ganizani za mafuta kapena mpweya womwe walowa m'mapaipi a dizilo.

Chachiwiri, nthawi yomweyo yomwe yazima musathamangire kiyi, yang'anani kaye pa dashibodi. Ngati timagetsi ta batire ndi oilo tayaka ndiye kuti moto ukufika mkatimo, vuto lili kutsogolo uko ku injini. Ngati dashibodi yonse yada bii, wailesi yazima, ndiye kuti moto wadukira kufupi ndi gwero, pa mitu ya batire, pa fusible link (fiyuzi yaikulu ya pafupi ndi batire), kapena pa switch ya kiyi penipenipo. Kungoona zimenezi mwadula kale theka la ntchito. Kenako lembani mufoni: inali yotentha kapena yozizira, munali mutangodumpha bampu, kunali mvula, mafuta anali pati mu thanki, munali pa chitunda kapena potsetsereka. Zikachitika katatu mudzaona nokha kuti pali chomwe chikubwerezabwereza.

Ndikapita nayo ku garaja imakalira bwinobwino, makaniko akuti palibe vuto. Akundinamiza?

Sakunama ayi. Matenda obisala amatero, ngati mwana uja amatentha thupi usiku wonse koma mukafika naye ku chipatala akuseka ndi anesi. Makaniko sangapeze chinthu chomwe pa nthawi imeneyo chili bwino. Woona mtima amakuuzani choncho, koma wanjala amayamba kusintha zinthu mongolota, lero pampu, mawa sensa, mkuja ma injector, inu ndalama zikupita vuto lili pomwepo.

Njira yake ndi kulidzutsa vutolo dala. Lizani galimoto pa idle, tsegulani boneti, muzigwedeza mawaya mtolo umodziumodzi, mapulagi, mitu ya batire, bokosi la mafiyuzi, ma relay (timabokosi totsegula ndi kutseka njira ya moto) muziwagogoda ndi chogwirira cha screwdriver, kiyi nayenso mugwedezeni ali pa ON. Pomwe injini yasintha kalilidwe kapena yazima mwagwira pamenepo. Manja ndi malaya kutali ndi fani ndi malamba, izi sizoseka. Za kiyi zija ndiwonjezere: ena mumapachika makiyi a nyumba, a geti, a ku ntchito, chotsegulira botolo, zonse pa kiyi wa galimoto, kulemera kumeneko kumadya switch mkati mpaka pa bampu iliyonse imasiya kugunda.

Batire ndagula latsopano mwezi watha, nde vuto lingakhale la magetsi bwanji?

Apa ndi pomwe ndikhalitse chifukwa theka la magalimoto omwe amabwera kwa ine nkhani yake imathera pano. Batire likhoza kukhala lodzaza koma moto osadutsa. Moto umatuluka pa plus, nkukagwira ntchito, nkubwerera ku minus kudzera mu chitsulo cha injini ndi bodi, ndipo njira yobwererayi ndi imene timati earth. Pali waya wonenepa wochoka pa minus kupita ku bodi kapena chassis, wina wopita ku injini kapena giyabokosi. Galimoto yomwe yakhala ikudutsa m'matope ndi m'mitsinje zaka zonsezi, pomwe anamangira mawaya amenewo pamachita dzimbiri, bawuti imamasuka, ndiye tsiku lina ikugunda tsiku lina ayi.

Ine zinandichitikira ndi Pajero yanga yomwe, ndine wa magetsi koma inandichititsa manyazi. Inkati ikagunda dzenje pa M1 mivi yonse pa dashibodi imagwa nkudzukanso, pena injini nkuzima, m'mawa sitata imangoti kete kete. Ndisanakhale nayo pansi ndekha ndinaisiya pa garaja ina chifukwa ndinali ndi ntchito zambiri, anandigulitsa sitata, vuto osatha, anati alternator, ndinakana. Loweruka lina ndinalowa pansi ndi tochi, waya wa earth wa ku injini kunja akuoneka bwinobwino, pulasitiki yake yakuda yosang'ambika. Nditamupinda pafupi ndi pomangira ndinamva kuti tchetche ngati ukuthyola udzu wouma. Kucheka pulasitiki ija ndi mpeni, mkati munatuluka ufa wobiriwira ngati wa nkhwani zouma, timawaya ta kopa tomwe tinali tamoyo tinalipo mwina tisanu basi. Waya watsopano, kupala chitsulo ndi sandipepa mpaka kuwala, kumanga, kupaka girisi pamwamba, matenda onse atatu anathera pompo. Sitata yanga yakale ija inalibe mlandu, mpaka lero zimandiwawa.

Kayesedwe kachangu: tengani jumper cable imodzi, mbali ina pa minus ya batire, ina pa chitsulo choyera cha injini. Ngati galimoto yasintha khalidwe, sitata ikuzungulira mwamphamvu, ndiye earth wanu ndi wodwala. Chizindikiro china ndi magetsi ochita zamisala, mukaponda buleki indicator ikuyaka, mukayatsa magetsi akutsogolo muvi wa kutentha ukukwera. Imeneyo si mfiti, ndi moto ukusowa njira yobwerera nde ukudutsa pakhomo pa eni.

Ndagula multimeter koma sindidziwa manambala ake. Abwino ndi ati?

Mwachita bwino, ndi yotchipa kuposa sipeya iliyonse yomwe mukanagula mongoganiza. Ikani pa DC 20 V. Galimoto itagona usiku wonse, batire lodzaza limaonetsa 12.6, likafika 12.2 lili cha pa theka, pansi pa 12.0 ndi lofooka. Wina akuliza sitata inu mukuyang'ana, lisatsike kupyola 9.6. Injini ikulira muziona pakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo yatsani magetsi, fani ndi china chilichonse muone ngati ikugwirabe. Kupyola 15 ndiye regulator ya alternator yafa, ikuphika batire, mababu azingopsa.

Koma kayesedwe komwe kamagwira mbava ndi aka. Waya mmodzi wa mita pa mtovu weniweni wa minus ya batire, wina pa chitsulo cha injini, wina alize sitata. Nambala yomwe ikuoneka ndi moto womwe ukutayika panjira, isapitirire 0.3. Chitaninso chimodzimodzi kuchoka pa plus ya batire kufika pa bawuti yaikulu ya sitata, pamenepo isapitirire 0.5. Anthu ambiri amayesa ndi kaphokoso ka beep kaja nkumati waya ali bwino, koma waya wanga wa timawaya tisanu uja akanalira beep bwinobwino. Waya amayesedwa akunyamula katundu.

Mukafuna kudziwa za ma diode a alternator ikani mita pa AC injini ikulira, ikaonetsa kupyola 0.5 pali diode yomwe yapita, ndipo pa galimoto ya kompyuta zimenezo zimasokoneza masensa.

Kumudzi timachotsa mutu wa batire injini ikulira kuti tione ngati alternator ikutchaja. Kuno akundiletsa, bwanji?

Akukuletsani bwino. Batire ndi lomwe limameza moto ukalumpha, mukalichotsa alternator imaponya moto wokwera kwambiri kwa kanthawi kochepa ndipo umenewo umatha kuwotcha ma diode ake omwe, wailesi, immobiliser (kabokosi koletsa akuba kuliza galimoto), kompyuta ya injini. Komanso pa dizilo wakale kayesedwe kameneko sikakuuzani zambiri. Mita ili apo, masekondi 10 mwadziwa. Chimodzimodzi owotcherera, akamawotcherera bull bar kapena ekizozi chotsani kaye mawaya a batire.

Imazima ndikangoyenda mphindi zochepa kuchoka pomwe ndatsitsa munthu, ma indicator nkumaphethira. Ndi chani chimenechi?

Kkkk imeneyo ndi Joni achimwene, si matenda. Magalimoto ambiri akuno anaikidwa anti-hijack, kabokosi komwe kamawerenga kuti chitseko chatsegulidwa injini ikulira, ndiye mukapanda kudina kabatani kobisika kamadula mafuta kapena moto patsogolo pang'ono, poganiza kuti galimoto yalandidwa. Mwini wake woyamba ankadziwa pomwe pali kabataniko, inu munagula kwa munthu wachinayi, palibe anakuuzani. Fufuzani pansi pa kapeti, m'mbali mwa mpando, pansi pa chiwongolero, pafupi ndi handbrake.

Koma olo popanda zimenezo, ma alamu ndi ma immobiliser oikidwa pambuyo ndi omwe amandipatsa ntchito kwambiri mu tauni muno. Woika amadula waya wa ignition kapena wa pampu, nkulowetsa ka relay kake pakati, mawaya nkungopota ndi manja nkukulunga tepi. Zaka 15 zikadutsa tepi yasungunuka, relay yatopa. Ndinatsegulapo Hardbody ina pansi pa dashibodi ndinapeza mabokosi atatu a eni atatu osiyana, onse adakali pa waya mmodzi yemweyo. Chomwe ndimachita ndi kuchotsa zakufazo, kubwezeretsa waya momwe analili ku fakitale ndi solder, kenako nkuika chimodzi chabwino. Osangokhala opanda chilichonse, Hilux kuno imasowa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ngati muli ndi inshuwaransi afunseni kaye musanachotse kanthu.

Yanga ndi dizilo wakale wopanda kompyuta, akuti safuna magetsi ikalira. Nde ingazime bwanji ndi magetsi?

Alipo waya mmodzi yekha yemwe angaiphe. Pa pampu ya dizilo ya injini ngati 1HZ ya Land Cruiser, 3L ya Hilux 2.8, TD27 ya Hardbody kapena 300Tdi ya Land Rover pali solenoid yozimitsira, kachitsulo kokhala ndi waya mmodzi pamwamba. Ikalandira 12 V imatsegula njira ya dizilo, moto ukachoka imatseka, ndi momwe galimoto imazimira mukatembenuza kiyi. Kanati kake kakamasuka kapena waya akathetheka mkati, pa bampu injini imazima ngati mwaizimitsa nokha. Wina atembenuze kiyi pa ON inu khutu lili pafupi, muzimva kuti tiki.

Kuti muigwire ikuchita, lumikizani kababu kakang'ono pa waya wa solenoid, mbali ina ku earth, kababuko mukalowetse mkati mukamatire pa dashibodi nkumayenda masiku anu onse. Tsiku lomwe yazima yang'anani kababu. Kazima, vuto lili kumbuyo, kiyi, fiyuzi, immobiliser. Kakuyakabe, ndiye solenoid yeniyeniyo kapena nkhani ya mafuta. Pangozi mukhoza kukoka waya kuchoka pa plus ya batire molunjika ku solenoid kuti muchoke pamalo oipa, kungoti siidzazima ndi kiyi mpaka mutachotsa wayayo.

Imazima ikatentha basi, ikazizira mphindi 20 imalira. M'mawa siivuta.

Pa galimoto ya kompyuta woyamba kumukayikira ndi crank sensor, sensa yomwe imauza kompyuta kuti injini ikuzungulira. Mkati mwake muli kawaya kopyapyala kokulungidwa, kakatentha kamatanuka nkusiya kugunda, kakazizira kamagundanso. Kompyuta ikasiya kumva kuti injini ikuzungulira imadula zonse. Pa magalimoto ambiri muona muvi wa rev ukugwa pa ziro galimoto ikadali kuthamanga mu giya, ndipo pomwe mukuliza sitata muviwo sugwedezeka olo pang'ono. Pa petulo wakale wa distributor, ngati 4Y kapena 22R, zomwezo zimachitika ndi coil kapena igniter. Ikazima zulani waya wapakati wa distributor, muikeni pafupi ndi chitsulo osamugwira ndi manja, wina alize muone ngati moto ukulumpha. Kathireni madzi ozizira pang'ono kapena nsanza yonyowa pa chomwe mukuchikayikira, ikalira msanga kuposa masiku onse mwachipeza. Ya carburettor imathanso kuwiritsa petulo mu paipi pa jam ya masana, imeneyo imayamba ndi kutsamwa osati kuzima kamodzi.

Relay ya pampu kapena main relay nayo imachita chimodzimodzi ikatentha. Sinthanitsani ndi inzake yofanana nambala, monga ya hutala, muyende nayo masiku awiri. Ulere umenewo.

Siizima koma pa chitunda imatha mphamvu, makamaka ndikanyamula katundu. Ndikaima pang'ono imabwerera.

Apa nthawi zambiri magetsi alibe mlandu, injini ikumva njala. Pa idle imafuna dizilo wochepa nde fyuluta yotsekeka theka imakwanitsa, koma pokwera Soutpansberg mutangodutsa Louis Trichardt muli ndi mafiriji ndi matumba a anthu kumbuyo imafuna wambiri, sakudutsa. Sinthani fyuluta kaye, yakaleyo muikhuthulire mu botolo loyera muone. Madzi amakhala pansi, dizilo pamwamba, ndipo mukaona zakuda zonanda ngati mamina ndiye mu thanki mwamera zinthu, kasefa ka mu thanki nako katsekeka. Dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, kapena wotchipa modabwitsa, pena amakhala wosakaniza ndi parafini ndipo amadya pampu mwakachetechete.

Mpweya ndi mdani wina. Kapampu ka pamanja kali pamwamba pa fyuluta kaja kakakalamba kamayamwa mpweya osadontha dizilo kunja, nde simuona chonyowa paliponse. Ikani kapaipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu, lizani, pondani. Dizilo azidutsa woyera ngati tiyi wopanda mkaka. Mukaona timathovu tikuthamanga motsatana ngati mikanda, mpweya ukulowa penapake kumbuyoko, bwererani nako kapaipiko malo ndi malo mpaka pomwe thovu lasowa. Ndipo ikatha mphamvu tsegulani chivindikiro cha thanki, mukamva kuti fyuuu kukoka mpweya mwamphamvu ndiye kabowo kopumira katsekeka, thanki ikudzikoka yokha.

Koma ngati ndi turbo ya kompyuta ndipo mphamvu imadulidwa kamodzi, siikupyola ma rev ena ake, kagetsi ka injini kayaka, nkuzimitsa nkuliza zonse zabwerera, imeneyo ndi limp mode, kompyuta yaona china chake nkudziteteza. Onani wastegate ya pa turbo ngati siinagwire dzimbiri, timapaipi ta vacuum tong'aluka, sensa ya boost yodzaza mwaye ndi oilo. Utsi umathandizanso: wakuda kwambiri ndi mpweya wochepa, fyuluta ya mpweya kapena paipi ya turbo yaphulika, pomwe kutha mphamvu popanda utsi ndi mafuta ochepa.

Ndinaigula ku Durban ikukoka bwino, kufika nayo kuno yafooka. Anandipusitsa?

Mwina ayi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 pomwe Durban ili pa nyanja. Kuno mpweya ndi wopepuka, injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 peresenti, ndipo dizilo wakale amafuka utsi wakuda pang'ono. Ya turbo siimva kwambiri. Kusiyana kwake ndi koti kufooka kwa mtunda ndi kwa tsiku lililonse mofanana, sikubwera nkupita. Mukadzatsikira ku Tete mudzaimva yadzuka.

Ndili ndi Td5, ikudumphadumpha ngati silinda imodzi ikugona. Akuti ma injector onse asanu.

Musanalipire zimenezo zulani pulagi yofiira pa kompyuta, pa Defender ili pansi pa mpando wa dalaivala, pa Discovery 2 ili mu boneti pafupi ndi batire. Injini imeneyi, yomwe inayamba 1998, mawaya a ma injector ake amakhala mkati mwa chivindikiro cha pamwamba momwe muli oilo, ndiye oiloyo amayenda mkati mwa mawaya ngati parafini mu chingwe cha nyali mpaka kukafika ku kompyuta. Mukapeza pulagi yonyowa ndi oilo wakuda sinthani mtolo wa mawaya a ma injector, tsukani pulagi ndi contact cleaner, mubwereze kutsuka kangapo masabata otsatira chifukwa wotsalira amapitiriza kutsika.

Mvula ikagwa kapena ndikachoka ku car wash imavuta.

Mvula ya kuno ya October mpaka March mukuidziwa, mphindi 30 msewu wasanduka mtsinje. Pa petulo ndi chivindikiro cha distributor chong'aluka kapena mawaya a mapulagi otha, lizani usiku pamdima boneti yotsegula muona timoto tabuluu tikulumphalumpha. Pa zina zonse ndi madzi mu mapulagi ndi mu bokosi la mafiyuzi, makamaka ngati galasi lakutsogolo likudontha, gwirani kapeti ya kumapazi muone. Anyamata a car wash auzeni asalozetse mpope wamphamvu uja pa injini.

Fiyuzi imodzi ikumapsa pafupipafupi, ndiike yaikulu?

Ayi, ndipo za kukulunga pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya kapena kulowetsa kawaya zija musiyiretu. Fiyuzi imapsa kuti waya asapse. Mukaika ya 30 pa malo a 10 chomwe chipse ndi mtolo wonse kuseri kwa dashibodi, ndinaonapo galimoto itatsala chigoba chifukwa cha zimenezi. Malo a fiyuziyo lumikizanipo babu la 21 W la buleki ndi timawaya tiwiri, zimitsani zonse za pa mzere umenewo. Short ikakhalapo babu liwala kwambiri. Nde muziyenda mukugwedeza mawaya, pomwe babu lazima kapena layaka mwafika. Malo omwe ndimayamba kuona ndi soketi ya ngolo kumbuyo, mawaya olowa mu chitseko pomwe amapindika, pomwe mtolo ukudutsa pa bowo la chitsulo labala yake itatha, ndi pamwamba pa giyabokosi. Makoswe nawo, galimoto ikakhala pa yadi mwezi osayenda amamangamo nyumba nkudya mawaya.

M'mawa uliwonse batire lafa koma alternator ikutchaja.

Pali chomwe chikudya usiku. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, chotsani waya wa minus, mita muiike pa 10 A pakati pa mutu wa batire ndi wayayo, dikirani mphindi zingapo. Osaliza sitata mita ili pamenepo, ipsa. Pansi pa 0.05 A zili bwino. Ikakhala yokwera zulani mafiyuzi imodziimodzi mpaka nambala itagwa. Mukazula onse koma osagwa, yang'anani zomwe anthu analumikiza molunjika pa batire: amplifier, ma spotlight, winch, firiji, tracker yakale yomwe palibe akuilipira, solenoid ya batire lachiwiri yomwe inamatirira, kapena diode ya alternator. Mwezi wa June ndi July kuno kumazizira mpaka chisanu kuyera pa galasi, batire lofooka limaonekera nthawi imeneyo, ndipo pa dizilo muonenso ma glow plug musananamizire batire.

Bwanji osangoiika pa kompyuta itiuze?

Ikani ngati ili ndi polowetsa, koma ambiri mwa magalimoto amenewa anapangidwa OBD2, njira yomwe timakina towerenga mavuto timalankhulira ndi galimoto, isanafike pa dizilo, ena soketi ilipo koma timakina totchipa sitilankhula nayo. Toyota zakale zili ndi kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS mu boneti, mukalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya, kiyi pa ON, kagetsi ka injini kamaphethira nambala ya vuto, inu nkumawerenga. Chomwe muyenera kudziwa ndi choti code imatchula dera osati wolakwa. Ikati crank sensor ikhoza kukhala sensayo, pulagi yake, waya wokhuzika pa chitsulo, kapena earth yemwe uja. Mukaona ma code asanu ndi limodzi a zinthu zosagwirizana, masensa onsewo sanafe tsiku limodzi, yang'anani chomwe amagawana. Ndipo lembani ma code musanachotse batire chifukwa pa zakalezi amafufutika.

December ndikufuna kupita nayo kumudzi. Vuto limabwera mwa apo ndi apo, ndingoyenda?

Ine sindingayende. Kuchoka pano kufika Beitbridge ndi makilomita opitirira 500, kenako Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza kapena Dedza, kutentha kwa Musina ndi Tete kokha kumadzutsa matenda onse obisala, kuwonjezapo katundu ndi maenje. Chomwe chimakuvutani kamodzi pa sabata popita ku ntchito ku Randburg kumeneko chizikuvutani ola lililonse, muli ndi ana ndi katundu wa eni, ndipo galimoto yolowa pa TIP, chilolezo cholowa nayo m'dziko kwa kanthawi, ili ndi masiku ake owerengeka. Ipezeni kaye, muyende nayo masabata awiri osavuta, muiyese ndi katundu pa N1 mpaka Polokwane nkubwerera.

Olo itachira, mu galimoto muzikhala multimeter, kababu koyesera, waya wa mamita angapo, mafiyuzi a saizi zonse, relay imodzi kapena ziwiri, jumper cable, mafyuluta awiri a dizilo ndi chomasulira chake, kapaipi koonekera kaja, lamba wa alternator, sipanala ya 10, 12 ndi 13, sandipepa, tepi, ma cable tie ndi tochi ya pamutu. Wa galimoto ya kompyuta awonjezere crank sensor, ndipo aiyese kaye pa galimoto asananyamuke kuti ikugwira, ndinamvapo munthu akulira pa foni ali pa Nyamapanda sensa yatsopano ili m'manja pulagi yake yosiyana. Fyuluta yoyamba musinthire kunyumba kuno masana ndi manja anu, mupope kapampu kaja mpaka kalimbe, mulize, kuti tsiku lodzachita zimenezi usiku ku Tete musadzachite kuimbira ine.